Umboni Uli Kuti? Mawu Amene Adalankhulidwa pa Msonkhano Wathu wa Pachaka

Mawu otsatirawa adalankhulidwa ndi mmodzi wa ife amene adaphunzira masamu ku yunivesite ndipo akugwira ntchito m'boma. Tawasindikiza monga momwe adawalankhulira chifukwa anzathu amene sadathe kubwera apempha kuti awawerenge.

Bambo Wapampando, Aphunzitsi Aakulu ndi aphunzitsi nonse, anzanga amene tidadyera limodzi mgaiwa ndi nyemba m'chipinda chodyera chija, ndiponso inu ang'ono athu a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene mwakhala kumbuyoko, ndikupatsani moni nonse.

Komiti itandilembera kalata yondipempha kuti ndidzalankhule, idati ndisankhe ndekha mutu. Ndikudziwa kuti ena mumayembekeza kuti ndikamba za momwe munthu angapezere ntchito m'boma. Pepani, ndakugwiritsani mwala, chifukwa ine ndabwera ndi aljebura. Ndaona kale a Msungichuma akuyang'ana pa wotchi yawo, koma ndikuwalonjeza kuti mpunga sutizizirira.

Sindikubisirani chimene ndasankhira mutu umenewu. Masana ano tivota pa za ndalama zimene tasonkha chaka chino. Ena akuti tipente holo ino, ena tikuti tigule mabuku a masamu ndi kuyambitsa maphunziro a Loweruka. Ine ndili mbali yachiwiriyi, ndipo ndabwera kudzakopa mavoti anu poyera.

Ndidachoka pa sukulu pano ndikudziyesa katswiri wa masamu, popeza ndidakhoza bwino mayeso a MSCE. Nditafika ku yunivesite, pa mayeso oyamba a aljebura adatifunsa kuti titsimikize mfundo ina. Ine ndidalemba zitsanzo zodzaza masamba awiri, zonse zolondola, ndipo ndidatuluka ndikuimba mluzu. Pepala litabwera ndidapeza malikisi 2 pa 20, ndipo m'munsi mwake mphunzitsi adalemba ndi inki yofiira funso lalifupi lofunsa kuti umboni uli kuti. Usiku umenewo nsima sidalowe.

Zidanditengera miyezi kuti ndimvetse kuti chitsanzo si umboni. Taonani ichi chimene Leonhard Euler adalemba m'chaka cha 1772. Tengani nambala n, muichulukitse ndi iyo yomwe, muchotsepo n, muwonjezepo 41. Ngati n ndi 1 mupeza 41, ngati ndi 2 mupeza 43, ngati ndi 3 mupeza 47, ngati ndi 4 mupeza 53. Zonsezi ndi nambala zija zosagawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi izo zomwe. Pitirizani mpaka 40, zikhalabe choncho, ndipo mudzalumbira kuti mwapeza lamulo. Koma mukafika pa 41 mupeza 1,681, amene ndi 41 × 41. Mboni 40 zanena zoona, ya nambala 41 yagwetsa mlandu wonse. N'chifukwa chake m'masamu timafuna chifukwa chimene chikugwira nambala zonse pamodzi, ngakhale zimene sitidzaziyesa.

Tsono ndabwera ndi mafunso anayi amene ophunzira amandifunsa kawirikawiri, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri a ife tidawameza osawafunsa.

Funso loyamba ndi lakuti, n'chifukwa chiyani mainasi kuchulukitsa ndi mainasi amapereka pulasi? Tonse tidauzidwa kuti ndi lamulo, tiloweze. Komatu umboni wake ndi waufupi kuposa mndandanda wa zogula ku golosale. Tingofuna mfundo imodzi imene aliyense amaivomereza: a × (b + c) = a × b + a × c. Ngati muli ndi madengu 3, ndipo m'dengu lililonse muli mango 4 ndi malalanje 2, mungawerenge 3 × 6, kapena mungawerenge mango 12 ndi malalanje 6 padera. Zipatso zikhalabe 18.

Poyamba tione kuti nambala iliyonse ikachulukitsidwa ndi ziro imapereka ziro. Popeza 0 ndi chimodzimodzi 0 + 0, ndiye kuti a × 0 = a × (0 + 0) = a × 0 + a × 0. Chotsani a × 0 kumanja ndi kumanzere, mutsala ndi 0 = a × 0. Kenaka tengani (−1) × (1 + (−1)). Za m'katizo zikupanga ziro, choncho zonsezi ndi ziro. Koma tikazitambasula ndi mfundo yathu ya madengu ija tipeza (−1) × 1 + (−1) × (−1), kutanthauza −1 + (−1) × (−1). Zimenezi ziyenera kukhala ziro. Nanga ndi nambala iti imene ikaphatikizidwa ndi −1 imapereka ziro? Ndi 1 yekha basi. Kotero (−1) × (−1) = 1. Palibe mfumu imene idalamula zimenezi. Mukavomera za madengu zija, mwavomeranso izi, mufune musafune.

Funso lachiwiri ndi la kugawa ndi ziro. Tikamati 12 ÷ 4 tikufunsa kuti ndi nambala iti imene tikaichulukitsa ndi 4 itipatsa 12. Tikati 12 ÷ 0 tikufunsa nambala imene tikaichulukitsa ndi ziro itipatsa 12, ndipo tangoona kumene kuti yotero kulibe. Tikati 0 ÷ 0 vuto likhala lina: nambala iliyonse ikukwanira, ndiye yankho lake lilibe mwini.

Onani zimene zimachitika munthu akanyozera mfundo imeneyi. Tinene kuti a = b. Chulukitsani mbali zonse ndi a, mupeza a × a = a × b. Chotsani b × b mbali zonse, ndipo mukakonza bwino mupeza (a + b) × (a − b) = b × (a − b). Fafanizani (a − b) mbali zonse, mutsala ndi a + b = b. Ngati a ndi b onse ndi 1, ndiye kuti 2 = 1. Mzere uliwonse ukuoneka waukhondo, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Popeza a ndi b ndi ofanana, (a − b) ndi ziro, ndipo pofafaniza paja tagawa ndi ziro mosazindikira. Ndimaikonda nkhani imeneyi chifukwa imaphunzitsa kuti bodza limabisala pa mzere umene aliyense amaudumpha poganiza kuti ndi wapafupi.

Funso lachitatu ndi limene amafunsa amene angoyamba kumene yunivesite: kodi aljebura yopanda nambala ija ndi ya chiyani? Ndiyankha ndi masiku a pa sabata. Lero likakhala Lolemba, pakapita masiku 100 lidzakhala tsiku lanji? Simuwerenga ndi zala. Mumati 100 ndi masabata 14 ndi masiku 2 otsala, choncho lidzakhala Lachitatu. Apa mwachita masamu amene 7 ali chimodzimodzi ndi ziro. Pa wotchi timachitanso zomwezo ndi 12: maola 5 kuchokera pa 9 koloko ndi 2 koloko. Carl Friedrich Gauss ndiye adalongosola bwino masamu a zotsala amenewa m'buku lake la m'chaka cha 1801.

Akatswiri adaona kuti kuphatikiza nambala, kuwerenga masiku, kutembenuza chinthu ndi kusinthanitsa malo a zinthu, zonsezi zimatsata malamulo anayi ofanana. Loyamba, mukalumikiza ziwiri za m'gulumo chotuluka chimakhala cha m'gulu momwemo. Lachiwiri, (a * b) * c ndi chimodzimodzi a * (b * c). Lachitatu, pali chimodzi chimene sichisintha chinzake, monga ziro pophatikiza kapena 1 pochulukitsa. Lachinayi, chilichonse chili ndi chobweza chake, monga −5 amabweza 5. Zinthu zotsata malamulo anayiwa amazitcha gulu, pa Chingerezi group. Phindu lake ndi lakuti mukatsimikiza mfundo pogwiritsa malamulo anayi okhawa, mwaitsimikiza pa magulu onse nthawi imodzi.

Funso limene lidandigwetsa lija lidali lakuti nditsimikize kuti m'gulu chosasintha chinzake chimakhala chimodzi chokha. Nali yankho lake lonse. Tiyerekeze kuti zilipo ziwiri, e ndi f. Tilumikize e * f. Popeza e sasintha chinzake, e * f = f. Popeza f sasinthanso chinzake, e * f = e. Choncho e = f. Ine ndidalemba masamba awiri, pamene mizere itatu ikadakwanira. Chobweza nachonso chimakhala chimodzi. Ngati b ndi c onse akubweza a, ndiye kuti b = b * e = b * (a * c) = (b * a) * c = e * c = c. Mwaona pamene lamulo lachiwiri lija lagwira ntchito, pakati penipeni.

Muzindikire kuti pa malamulo anayi aja palibe lonena kuti a * b ndi chimodzimodzi b * a. Inu a kumbuyoko, tengani kope lanu muliike pa desiki. Lizungulizeni kumanja kuti mutu wake uloze kudzanja lamanja, kenaka muligubuduze monga mukutsegula tsamba. Onani kumene mutu waloza. Tsopano yambiraninso, koma muyambe ndi kugubuduza, kuzunguliza pambuyo. Mutu waloza kwina. Ndiponso pobweza zinthu timayambira kumapeto: m'mawa mumavala sokosi kenaka nsapato, madzulo mumavula nsapato kenaka sokosi. M'chinenero cha aljebura, chobweza cha a * b ndicho chobweza cha b kulumikiza ndi chobweza cha a.

Ndiwonjezepo chodabwitsa chimodzi. Pa wotchi 3 × 4 ndi 12, amene ndi ziro, ngakhale 3 ndi 4 onse si ziro. Ndiponso 3 × 1 ndi 3, pamene 3 × 5 ndi 15, amene pa wotchi ndi 3 yemweyo; choncho simungafafanize 3 n'kunena kuti 1 = 5. Chifukwa chake n'chakuti 3 alibe chobweza pa wotchi: muchulukitseni ndi nambala iliyonse, muzingopeza 3, 6, 9 ndi ziro, osafika pa 1. Koma pa masiku a sabata zonse zili bwino: 2 × 4 ndi 8, kutsala 1; 3 × 5 ndi 15, kutsala 1; 6 × 6 ndi 36, kutsala 1. Kusiyana kwake n'kwakuti 7 ndi nambala yosagawika pamene 12 amagawika. Masamu a zotsala omwewa ndiwo maziko a njira yobisira mauthenga yotchedwa RSA, imene Rivest, Shamir ndi Adleman adaitulukira m'chaka cha 1977, ndipo njira zina zotetezera mauthenga a mabanki ndi a pa intaneti zimayendanso pa magulu.

Amene adatsegula njira imeneyi sadali nkhalamba. Tonse tidaloweza fomula yopezera x pamene x wachulukitsidwa kawiri. Za katatu ndi kanayi zidasindikizidwa ndi Gerolamo Cardano wa ku Italy m'chaka cha 1545. Ya kasanu anthu adaifunafuna zaka pafupifupi 300, mpaka Niels Henrik Abel wa ku Norway adatsimikiza m'chaka cha 1824 kuti fomula yotero, yogwira pa mafunso onse, kulibe. Iyeyu adamwalira ndi chifuwa chachikulu m'chaka cha 1829 ali ndi zaka 26. Évariste Galois wa ku France, amene adalephera kawiri mayeso olowera ku École Polytechnique, ndiye adafotokoza chifukwa chake pogwiritsa magulu. Adamwalira m'chaka cha 1832 ali ndi zaka 20 ataomberedwa pa mkangano, ndipo ntchito yake yaikulu idasindikizidwa mu 1846. Atsikana amene muli muno, sungani dzina la Emmy Noether. Adaphunzitsa ku Göttingen zaka zingapo osalandira malipiro, maphunziro ake akulengezedwa m'dzina la David Hilbert popeza iye adali mkazi, koma zimene adalemba m'chaka cha 1921 zidasintha aljebura yonse. Boma la Nazi lidamuchotsa ntchito mu 1933, ndipo adamwalira ku America mu 1935.

Funso lachinayi ndilo lili pafupi ndi mtima wanga. Kodi tikakhala ndi zosadziwika ziwiri ndi mfundo ziwiri, yankho limapezeka nthawi zonse? Tiyerekeze kuti mwana wagula makope 2 ndi zolembera 3 pa K1,600, mnzake wagula kope limodzi ndi cholembera chimodzi pa K700. Wachiwiriyu akadagula kawiri akadalipira K1,400 pa makope 2 ndi zolembera 2. Kusiyana kwake ndi cholembera chimodzi, ndiye cholembera ndi K200, kope ndi K500. Njira yochotsera mzere wina pa unzake imeneyi masiku ano imatchedwa ndi dzina la Gauss, koma idalembedwa kale m'buku la masamu la ku China zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Ndipo dzina loti aljebura lidachokera ku liwu la Chiarabu lakuti al-jabr, limene al-Khwarizmi adaligwiritsa ntchito ku Baghdad cha m'ma 820.

Tsopano tisinthe pang'ono. Mwana wachiwiri uja akuti adagula makope 4 ndi zolembera 6 pa K3,200. Zikuoneka ngati tili ndi mfundo ziwiri, koma yachiwiriyi ndi yoyamba yomwe ija yochulukitsidwa kawiri. Sidatiuze chatsopano. Kope likhoza kukhala K500 cholembera K200, kapena kope K200 cholembera K400, zonse zikukwanira. Akanena kuti adalipira K3,500, pamenepo palibe yankho ndi limodzi lomwe: wina wanama, kapena wabedwa. Tikandandalika nambala 2, 3 pamwamba ndi 4, 6 pansi, m'kabokosi kamene James Joseph Sylvester adakatcha matrix m'chaka cha 1850, pali njira yachidule yodziwira: chulukitsani mopingasa n'kuchotsera. Apa 2 × 6 − 3 × 4 ndi ziro, chizindikiro chakuti mizere iwiriyi ndi mzere umodzi wovala malaya awiri. Pa chitsanzo choyamba chija 2 × 1 − 3 × 1 ndi −1, osati ziro, n'chifukwa chake yankho lidali limodzi.

Choncho zotuluka ndi zitatu zokha: yankho limodzi, kusowa yankho, kapena mayankho osawerengeka. Sizitheka kukhala ndi mayankho awiri okha. Umboni wake ndi wakuti mukapeza mayankho awiri, la pakati pawo ndi yankhonso. Pakati pa 500 ndi 200 pali 350, pakati pa 200 ndi 400 pali 300, ndipo 2 × 350 + 3 × 300 ndi 1,600. Pakati pa latsopanoli ndi lakale mupezanso lina, mpaka kalekale.

Ndikuuzeni tsono zimene zidandichitikira pa ntchito. Chaka china adandibweretsera mapepala atatu oti ndivomereze malipiro a katundu: kalata ya wogulitsa, lipoti la kosungira katundu ndi lipoti la woyendera. Onse atatu adalemba chiwerengero chimodzi. Ndidati mboni zitatu zagwirizana, ndipo ndidasaina. Patapita miyezi, ofufuza mabuku adapeza kuti katundu amene adafikadi adali wochepa. Wa kosungira katundu adakopera chiwerengero pa kalata ya wogulitsa, woyendera adakopera pa lipoti la kosungira katundu, ndipo palibe amene adawerenga makatoni. Mapepala adali atatu koma mboni idali imodzi. Ine amene ndidakhoza mayeso a mizere yodalirana ku yunivesite ndidalephera kuizindikira itabwera pa tebulo langa. Ndidalemba malipoti ambiri odzifotokozera, kukwezedwa kwanga kudachedwa, ndipo choipa koposa n'chakuti ndalama za anthu okhoma msonkho zidapita. Kuyambira pamenepo pepala lililonse ndimalifunsa kuti, kodi ukundiuza chatsopano, kapena ukungobwereza za mnzako?

Masamu omwewa ndiwo amagwiritsidwa ntchito pokonza chuma cha maiko. Wassily Leontief adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1973 chifukwa choonetsa ndi matrix momwe ulimi, mafakitale ndi zamtengatenga zimadyetserana. George Dantzig adatulukira m'chaka cha 1947 njira yopezera kagawidwe kabwino koposa ka zinthu zochepa, monga magalimoto ochepa oti afike malo ambiri. Koma ine sindikunena kuti mwana aliyense muno adzakhale Leontief. Ndikunena kuti namwino, kalaliki, wapolisi ndi mlimi amene adazolowera kufunsa chifukwa sanamizidwa msanga.

Bambo Wapampando, ndikudziwa kuti holo ino yatuwa, ndipo anzanga ofuna penti sakulakwa. Nanenso ndimachita manyazi alendo akabwera. Koma penti angadikire chaka chamawa, pamene ana a Fomu 4 awa mayeso awo sadikira. Pempho langa lili patatu. Choyamba, tivotere mabuku, ndipo tisankhe amene amafotokoza zifukwa, osati ongondandalika mafomula ndi mayankho. Chachiwiri, ife amene tikukhala pafupi tipereke Loweruka limodzi pa teremu kuti tidzakhale ndi anawa. Ine ndalembetsa kale dzina langa kwa a Mlembi, ndipo pepala likadali ndi malo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo aphunzitsi athu a masamu ali ndi makalasi odzaza kale. Chachitatu ndikupempha inu aphunzitsi, mwaulemu wonse, kuti mwana akakufunsani chifukwa chake musamuyese wamwano. Ngati nthawi yathera, muuzeni abwere Loweruka.

Kwa inu ang'ono anga, safunsa adadya phula. Musachite manyazi ndi malikisi 2 pa 20. Ine pepala lija ndikulisungabe m'sutikesi pamodzi ndi satifiketi yanga. Usiku uno yesani nokha kutsimikiza kuti (−a) × b = −(a × b), pogwiritsa mfundo ya madengu ija. Amene apeze umboni wake adzandionetse Loweruka loyamba la teremu ikubwerayi, ndipo ndidzabwera ndi choko changa.